Malikisi Oyamba Akabwera Oipa ku Yunivesite, Fufuzani Apa Kaye

Chaka chilichonse nkhani yake imakhala yomweyi. Mwana wakhoza MSCE ndi mapointi osiririka, dzina latuluka pa mndandanda wa NCHE wa osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma, kumudzi nkhuku yafa, ndipo wafika ku Chanco, ku MUBAS, ku Bunda, ku Mzuni, ku KUHeS kapena ku MUST ndi chikwama chatsopano. Pakatha mwezi ndi theka pepala la mayeso oyamba labwera, ndipo malikisi ake ndi oti chiyambire Sitandade 1 sanawaonepo. Mayaro, ophunzira a chaka choyamba, ambiri akafika apa amathamangira mankhwala amodzi: kuchezera usiku wonse ndi mabuku. Nthawi zina zimathandiza. Kawirikawiri sizithandiza, chifukwa malikisiwo angoonetsa kuti penapake pavuta, koma povutapo pali kwina: pa kalembera, kumene mukugona, m'thumba, m'kawerengedwe kapena mumtima. Yambani ndi chosavuta kukonza, kenako muzitsikira kozama.

Kodi mapepala anu ali bwino?

Izi n'zotheka kuziona masana amodzi. Lowani pa portal, tsamba la sukulu la pa intaneti, kapena pitani ku dipatimenti, mukaone ngati makosi onse amene mukulowa ndi omwewo amene analembedwa pa nambala yanu. Zimachitika kuti munthu walowa kalasi mwezi wathunthu, walemba mayeso, koma dzina lake silili pa mndandanda wa aphunzitsi chifukwa kalembera sanathe, kapena anasokoneza nambala ya kosi. Mukazindikira lero, mlembi wa ku dipatimenti akuuzani kolowera. Mukazindikira sabata ya mayeso omaliza, ndiye kuthamangathamanga kwake simudzakuiwala.

Chachiwiri ndi course outline, kapepala kaja kamene kanaperekedwa tsiku loyamba inu mukadasokera pofuna chipinda. Ndi kamene kamanena kuti malikisi a mkati mwa semesita, aja a CA, akulemera bwanji poyerekeza ndi mayeso omaliza, asainimenti ndi zingati, ndipo ziperekedwa liti. Kagawidwe kake kamasiyana sukulu ndi sukulu, kosi ndi kosi, choncho musadalire zimene wakuuzani mnzanu wa pulogalamu ina. Ku sekondale munthu umatha kugona chaka chonse n'kudzuka Fomu 4 itayandikira kumapeto. Kuno asainimenti imodzi yosapereka ndi ziro amene akuyenda nanu mpaka semesita itatha.

Ngati simuli m'gulu la WhatsApp la kalasi yanu, pezani nambala ya class rep, woimira kalasi yanu, lero lomwe. Kusintha kwa chipinda, kusuntha kwa mayeso, kalasi ya Loweruka yobwezera, zonse zimadzera kumeneko. Ndipo mukaphonya mayeso chifukwa cha matenda kapena maliro, musangowauza aphunzitsi pakamwa m'khonde. Lembani kalata msanga, muphatikize pepala la kuchipatala kapena umboni wina.

Kumene mukugona

Mahositelo a m'mayunivesite a boma sakwana aliyense, ndiye ambiri amachita lendi kunja: ku Chikanda ku Zomba, ku Luwinga ku Mzuzu, cha ku Goliati kwa a MUST, ndi madera ngati Chitawira ndi Nkolokosa kwa a mu Blantyre. Kugona kunja pakokha si vuto. Vuto ndi chipinda chimene chikukudyerani nthawi ndi tulo.

Dziyeseni motere. Sabata yathayi, ndi makalasi angati oyamba m'mawa amene munalowa aphunzitsi atayamba kale? Ndi masiku angati amene munachoka pasukulu dzuwa likadalipo chifukwa choopa njira ya usiku? Ngati mayankho ake akukuchititsani manyazi, kulephera kwanu kukuchokera kunyumba, osati m'mutu. Chipinda chotchipa chimene chili kutali chimabweza mtengo wake pa kabaza, ndipo nthawi ya dzinja, m'matope a Januwale, mudzapeza zifukwa zambiri zojombera.

Zokangana za m'nyumba za lendi n'zodziwika. Mita ya magetsi ndi imodzi zipinda zisanu ndi chimodzi, wina ali ndi hotplate, wina ali ndi ayironi, wina foni yokha, koma mayunitsi mukusonkha mofanana. Madzi amatuluka m'bandakucha basi. Mesho wanu, amene mumagona naye chipinda chimodzi, amabwera ndi alendo usiku umene inu mawa lake muli ndi mayeso. Zonsezi zimakonzeka mukazikamba koyambirira, mitima isanatupe. Khalani pansi ndi mesho mugwirizane za nthawi yozimitsa getsi, za alendo, za amene akugula makala sabata ino. Kwa eni nyumba pitani mwaulemu koma momveka: "Mayi, tinati tidzamve za mayunitsi. Kodi sitingagawane potengera zimene aliyense akugwiritsa ntchito?" Ambiri amamva, makamaka mukapita awiri kapena atatu.

Lendi iliyonse imene mwapereka ilembedwe, kaya m'kope lanu iwo n'kusaina, kaya mwatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba n'kusunga uthengawo. Loko wa pachitseko gulani wanu. Ndipo kwa amene mukufuna kusamuka: musatumize ndalama kwa munthu amene wangokuonetsani zithunzi za chipinda pa foni. Kapondenimo kaye, mutsegule mpopi, mufunse ophunzira amene akukhala pamenepo. Nyengo yotsegulira sukulu ndiyo nyengo yokolola ya akathyali.

Ngati simungasamuke semesita ino, sinthani kachitidwe. Chokani kunyumba kamodzi m'mawa, chakudya chamasana m'kontena, mukhale pasukulu mpaka madzulo. Maola aja apakati pa makalasi awiri, amene ambiri amathera pansi pa mtengo, ndiwo nthawi yanu ya ku laibulale. Pobwerera usiku muziyenda gulu, laputopu ili m'chikwama chosaonetsa kuti muli laputopu.

M'thumba

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndi pamene anthu amabisa kwambiri. Munthu amene wadya kamodzi kuyambira dzulo sangamve Calculus, ngakhale aphunzitsi atakhala abwino chotani.

Makolo ndi amalume amene anadutsa ku yunivesite kale amakumbuka nthawi imene wophunzira ankagona m'hositelo n'kumadya ku kafeteriya boma likulipira. Nthawi imeneyo inapita. Masiku ano ovutika amapempha ngongole ku bungwe la HESLGB, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, ndipo si onse opempha amene amalandira. Kwa olandirawo pali zinthu ziwiri zoti zikhale m'mutu. Choyamba, ndi ngongole, mudzabweza mukamaliza. Chachiwiri, ya upkeep, ndalama yodyera ndi yolipirira pogona, simuipeza ikukudikirani pageti tsiku lofika. Pamakhala kaye kalembera, kusaina, kutsimikizira maakaunti. Choncho masabata oyamba amafuna ndalama ndi ufa wochokera kwanu. Onjezerani apo kuti mitengo siikhala malo amodzi. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bajeti imene mkulu wanu ankayendera chaka chapitacho inasanduka nthano. Musakonze zanu potengera mitengo imene wina akukumbuka. Pitani kumsika mukafunse.

Matenda enieni a yaro ndi awa: ndalama imabwera yambiri kamodzi, kwa munthu amene sanagwirepo yochuluka chotero, ndipo imaoneka ngati siingathe. Sabata yoyamba ndi chipisi cha pachiwaya ndi nkhuku, nsapato, kugulira anzanu zakumwa. Sabata yachisanu ndi madzi a shuga.

Tengani pepala. Lembani ndalama zonse zimene mukutsimikiza kuti zibwera semesita ino, osawerengera malonjezo a amalume. Chotsani lendi ya miyezi yonse, ndipo ngati n'kotheka iperekeni nthawi yomweyo. Chotsani ndalama yobwererera kwanu potsekera, muiike poti simuikhudza. Chotsani ya fotokope ndi kusindikiza asainimenti. Yotsalayo muigawe ndi masabata amene atsala. Tiyerekeze kuti yatsala K160,000 ndipo masabata ndi 16: ndiye kuti sabata iliyonse muli ndi K10,000, tsiku lililonse osafika K1,500. Nambala imeneyo imawawa kuiona, koma kuli bwino ikuwaweni lero kusiyana ndi sabata ya mayeso. Lolemba lililonse tapani ya sabata imeneyo yokha.

Kenako kwa masiku asanu ndi awiri lembani chilichonse chimene mwagula, ngakhale mandasi. Mupeza pamene ikudonthera. Kwa ambiri ndi malo atatu: chakudya chogula chophikaphika, bandulo ya intaneti, ndi kabaza. Kuphika nokha, kapena kusonkherana atatu mphika umodzi, kumatsitsa kwambiri mtengo wa chakudya. Ufa uchokere kumudzi ngati kuli chimanga, pamodzi ndi nyemba, mtedza ndi mfutso. Soya pieces, usipa, bonya, mafuta, mchere ndi sopo gulani zambiri kamodzi ndalama ikangofika, chifukwa zikakhala m'chipinda simungazibetche. Mabuku ndi manotsi a pa intaneti muzikopera muli pasukulu pa Wi-Fi, bandulo yanu ikhale ya mauthenga.

Ndatchula kubetcha dala. Mnyamata akaona kuti ndalama siifika kumapeto, nzeru yoyamba imene imabwera ndi yoti aichulukitse pa mpira wa Loweruka. Wina pa hositelo anawinapo, ndipo nkhani yake aliyense amaidziwa. Za anthu makumi amene anadyetsa lendi palibe amene amazikamba. Mnzake wa kubetcha ndi katapila: mwakongola kuti mudzabweze upkeep ikabwera, upkeep yabwera n'kupita yonse kwa mwini katapila, inu n'kukongolanso. Laputopu ndi foni zambiri zimapita ngati chikole mwa njira imeneyi. Ngati mwalowa kale, lekani kukongola kwina kuti mutseke uku. Uzani munthu wamkulu mmodzi chiwerengero chenicheni cha ngongoleyo, mupangane kabwezedwe.

Palinso kudontha kwina kovuta kukukamba. Kumudzi akamva kuti mwana walandira ndalama za boma, ena amayesa ndi malipiro. Foni imalira: feteleza, fizi ya mng'ono wanu, mankhwala a agogo. Kukana kumaoneka ngati mwayamba kunyada. Koma mukatumiza theka la upkeep mu sabata yachiwiri, mu sabata yachisanu ndi chitatu mudzaimbanso foni yomweyo kupempha, iwo alibe. Afotokozereni ndi manambala: "Amayi, ndalama ija ndi ngongole, ndidzabweza ndikamaliza. Ndikachotsa lendi ikutsala yongokwana chakudya mpaka potsekera. Ndikaitumiza, ndidzalemba mayeso ndi njala." Makolo ambiri sadziwa mtengo wa chipinda m'tauni. Akaumva, amamvetsa.

Ndipo ngati mwawerengera zonse n'kupeza kuti ngakhale mutadya kamodzi patsiku siikwana, limenelo si vuto la bajeti ayi. Pitani ku ofesi ya Dean of Students mukanene momwe zilili, mutatenga mapepala anu. Kumeneko ndi kumene kumafikira nkhani za mabasale ndi anthu akufuna kwabwino, ndipo sangaganizire munthu amene sakumudziwa. Magulu a mapemphero ngati SCOM, a mpingo wanu kapena a Chisilamu, ndi mabungwe a ophunzira ochokera boma limodzi, nawonso amagwirana manja. Kageni kakang'ono, kaya kugulitsa mandasi, kumeta, kuluka tsitsi kapena kuphunzitsa ana a sekondale Loweruka, kathandiza ambiri. Malire ake ndi amodzi: tsiku limene geniyo yakujombetsani kalasi, yayamba kudya chimene inabwera kudzateteza. Asungwana, ndi anyamata omwe, chenjerani ndi thandizo la akuluakulu a magalimoto amene amazungulira pageti Lachisanu. Mtengo wake umadzadziwika mochedwa.

Kawerengedwe

Tinene kuti kalembera ali bwino, mukugona bwino, mukudya. Ndiye tiyang'ane pepala lija.

Kalitengeni, muwerenge zimene aphunzitsi alemba m'mbali, osati malikisi okha. Kawirikawiri mupeza kuti mfundo munali nazo koma simunayankhe funso. Ku sekondale, makamaka kumene mabuku anali ochepa, tinakula ndi manotsi a pabolodi ndi mapamfuleti: kuloweza, kukabweza momwemo, kukhoza. Kuno funso likati discuss kapena evaluate, likufuna kuti muike mfundo ziwiri pamodzi, muonetse pamene zikugwirizana ndi pamene zikutsutsana, munene mbali imene mwaima ndi chifukwa chake. Mukangondandalika zonse zimene mukukumbuka pa mutuwo, mudzadzaza masamba anayi n'kupeza malikisi a tsamba limodzi. Ku masamu ndi sayansi matenda ake ndi ofanana: kuwerenga chitsanzo chosovedwa kale n'kumagwedeza mutu kuti ndamva, osatseka buku n'kusova nokha.

Ma slide a aphunzitsi ndi mitu chabe ya nkhani. Nyama yake ili m'zimene ananena pakamwa ndi m'mabuku amene ali pa course outline. Tsiku lomwelo, musanagone, tengani theka la ola pa kalasi iliyonse mulembenso zimene munamva m'mawu anuanu. Pamene cholembera chaima, pamenepo ndi pamene simunamve, ndipo ndilo funso lanu la mawa. Mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, amene amapezeka ku laibulale kapena kwa makonti (ophunzira a zaka zapamwamba), ayambeni mwezi woyamba, muwalembe mutatchera nthawi.

Chingerezi nachonso chimapinga, ndipo palibe chochititsa manyazi. Wochokera ku CDSS ya kumudzi amakhala benchi imodzi ndi wochokera ku sukulu yolipira ya m'tauni amene amalankhula ngati wailesi. Masabata oyamba khutu limavutika kutsata aphunzitsi othamanga, kapena ochokera kunja. Khalani kutsogolo. Werengani mutu wa mawa usiku wa lero kuti mawu achilendo muwapeze kale. Kosi ija ya luso la chilankhulo ndi kalembedwe, imene ambiri amaipeputsa, ndi imene imaphunzitsa kulemba ndime ndi kutchula mabuku amene mwagwiritsa ntchito. Ndaona kuti olankhula bwino si onse amene amalemba bwino, ndipo pofika chaka chachiwiri kusiyana kuja kumakhala kutachepa kwambiri.

Gulu lowerengera limodzi likhale la anthu atatu kapena anayi, aliyense abwere atawerenga kale, ndipo aliyense afotokozeko. Kufotokozera mnzanu m'Chichewa kapena m'Chitumbuka chimene mwawerenga m'Chingerezi ndi muyeso wabwino woti mwamvadi. Gulu la anthu khumi ndi msonkhano. Za kukopera asainimenti ya mnzanu, kapena kutapa pa intaneti ndi pa mapulogalamu a AI n'kupereka ngati zanu, dziwani kuti chilango chake m'malamulo a sukulu n'chachikulu kuposa kulephera, komanso m'chipinda cha mayeso mudzakhala nokha.

Aphunzitsi amafikirika kuposa mmene mayaro amaganizira. Safunsa anadya phula. Koma pitani ndi funso lenileni, pa nthawi imene anaika, pepala lili m'manja: "Pepani, pa funso lachiwiri ndinapeza malikisi ochepa. Ndimafuna ndimve chimene chinasowa." Mukapita kukapempha kuti akuwonjezereni malikisi, mudzabwerako msanga. Ndipo wina aliyense, kaya mphunzitsi kaya wogwira ntchito, akayamba kukusonyezani kuti malikisi angagulidwe ndi thupi kapena ndalama, sungani mauthengawo mukanene kwa Dean of Students kapena ku ofesi yoona za nkhanza zotere.

Ena vuto lawo ndi loti pulogalamu imene anapatsidwa si imene mtima unkafuna. Ankafuna udokotala, apezeka ku uphunzitsi. Funsani kwa Registrar ngati kusintha n'kotheka ndi nthawi yake, chifukwa malamulo amasiyana ndipo mpata umakhala wochepa. Koma pamene mukudikira yankho, limbikirani pomwe mulipo. Palibe dipatimenti imene imalandira munthu wobwera ndi malikisi ogwa.

Thupi ndi mtima

Kutopa kosatha, mutu, kuphwanya m'thupi: musanadziweruze kuti ndinu waulesi, kayezetseni malungo ku kiliniki ya pasukulu, ndipo neti imangidwe ngakhale chipinda n'chopanikiza. Maso nawonso: ena amazindikira ali ku yunivesite, m'holo yaikulu, kuti bolodi saliona bwino.

Kusowa kumudzi kwanu n'kwachibadwa, ndipo kumachepa mukapeza anthu awiri atatu oti muzidya nawo. Lowani gulu limodzi, kaya kwaya, mpira, kapena bungwe la pulogalamu yanu. Limodzi lokha ndi lokwana. Ufulu wa kuno ulibe belu kapena a boarding master, ndiye mowa wa Lachisanu umatha kufika Lolemba popanda wokufunsani. Koma mukaona kuti papita masabata awiri kapena kuposa simukugona, simukufuna kudya, mwasiya kusamba ndi kulowa m'kalasi, mukungodzitsekera, kumeneko sikusowa kwanu wamba. Kaonaneni ndi mlangizi wa pasukulu kapena a kukiliniki. Maganizo ofuna kudzipha akabwera, uzani munthu tsiku lomwelo, mesho, m'busa, shehe, namwino, aliyense amene ali pafupi. Inunso amene mwaona mnzanu wasintha chotere, gogodani pachitseko chake, ndipo mumuperekeze.

Zikakanika semesita ino

Nthawi zina mumazindikira mochedwa. Apa chofunika ndi buku la malamulo a ophunzira, lija munalandira pa orientation. Muli za sapu (mayeso a mwayi wachiwiri kwa wolephera kosi), za kubwereza kosi kapena chaka, ndi malire amene munthu amachotsedwa nawo sukulu. Werengani za sukulu yanu ndi chaka chanu, chifukwa kuchokera pamene University of Malawi inagawidwa mu 2021, n'kubadwa MUBAS ndi KUHeS, iliyonse ili ndi malamulo akeake, ndipo zimene akukumbuka amene anamaliza kale mwina zinasintha. Sapu si mapeto. Ambiri ovala gauni anailembapo. Mukaipeza, konzani msanga ndalama ya ulendo ndi pogona, poti imalembedwa anzanu ali patchuthi.

Ngati matenda, maliro kapena fizi zafika poti simungapitirize, musangonyamula chikwama n'kuzimiririka. Wosowa popanda kalata amalembedwa kuti walephera kapena wathawa, pamene wopempha kuti aime kaye motsata malamulo amatha kusungiridwa malo. Lembani kalata kwa Registrar kudzera kwa mkulu wa dipatimenti yanu, muphatikize umboni, ndipo ngati muli pa ngongole dziwitsaninso a HESLGB. Pangani fotokope ya kalatayo, aidinde pamene mukuipereka, ndipo musachoke pasukulu musanalandire yankho lolembedwa.